Nachisale Akumwa Madzi

Lolemba, 3 Juni

Nachisale walira lero. Pikapu ya abambo ija, yakale kundiposa ine, yakhala ili gone pansi pa mtengo wa mango chiyambire mvula, injini yake ili m'mabeseni. Ndaimanga ndekha mwezi wathawu, mapisitoni, maring'i, gasiketi yatsopano, zonse. Abambo ali pampando wawo, kundilozera ndi ndodo ngati ndayamba dzulo ntchitoyi.

Zomwe sindinamange ndi mabawuti a hedi, chivindikiro cha injini chomwe chimapanikiza gasiketi kuti madzi ndi oyilo zisakumane. Pagalaja pathu pano aliyense akhoza kutsuka, kupala, kulumikiza, koma hedi amatseka ndi abambo, a Luciano, ndi dzanja, osayezera. Mtakataka yense amadziwa zimenezo. Ndiye Loweruka anadzuka pampando paja, amvekere, "Prisca, tandipatsa sipanala." Dzanja lawo lamanja silinabwererebe chidwalireni sitiroko chaka chatha, ngakhale supuni imawapulumuka. Ndinawapatsabe. Ndikanatani? Anamanga thukuta lili kamukamu, koma nkhope yosangalala ngati mwana.

Lero itangolira, amayi anaimba nthungululu. Abambo anangoika chikhatho pa boneti. "Mwamva? Dzanja lilipo." Ine ndinathawira kuseri kwa nyumba, misozi inandilaka. Chidwalireni sindinawaone ataima mowongoka choncho.

Lachiwiri, 4 Juni

Ndamuyendetsa mpaka pa Golomoti n'kubwerako. Akukoka bwino mayiyu. Sabata yamawa akatute mpunga ku Bwanje, abambo auza kale anthu.

Atazizira ndatsegula rediyeta. Kulanti, madzi obiriwira oziziritsa injini aja, watsika, chala sichikumufika. Mwina ndi mpweya unatsalira m'mapaipi. Ndawonjezera, ndayala katoni kunsi kuti ndione ngati pakudontha.

Lachitatu, 5 Juni

Katoni youma gwa. Mapaipi ouma, pampu ya madzi youma, rediyeta ilibe ndi kadontho komwe. Koma madzi atsikanso.

M'mawa polira injini inayamba yatsimphina kaye, kenako n'kukhazikika. Ku ekizozi utsi woyera, fungo lake lotsekemera ngati shuga wapsa m'poto. Abambo akuti, "Ndi kuzizira kwa Juni kumeneko." Kuzizira kwake kuti pa Mtakataka pano? Ndinangoti eya.

Madzi akamatha koma osagwa pansi, ndiye kuti akumwera mkati. Sindikufuna n'kulemba komwe zomwe ndikuganiza.

Lachinayi, 6 Juni

Sanatsike lero, ali pakamwa penipeni. Ambuye alemekezeke. Unali mpweya basi, ine ndi mantha angawa.

Lachisanu, 7 Juni

Odzadzanso. Koma abale, mtundu wake. Kulanti ndinathira wobiriwira bii, lero wafifia ngati madzi otsukira masamba. Kulanti sasintha yekha chonchi.

Ndaliza injini chivindikiro cha rediyeta chili chotsegula. Tithovu tikukwera kamodzikamodzi osaleka. Ndatsegulanso pothirira oyilo, kunsi kwa chivindikiro kwamata zoyererako ngati tiyi wa mkaka wambiri. Madzi akukumana ndi oyilo, nanga rediyeta ikudzadza bwanji?

Kuwonjezera apo amayi andikalipira. Akuti ndizisamba m'manja ndisanagwire ketulo yawo, chigwiriro chonse chili girisi. Ine ketulo yawoyo sindinaikhudze, ndawauza. Akuti, "Ndiye yadzipaka yokha?" Tinakangana mpaka abambo anati tiwasiye amvere wailesi.

Loweruka, 8 Juni

Amayi apita ndi abambo kuchipatala ku Mua kokawongola dzanja. Atangokwera minibasi ndinaimbira a Yusufu a pa Golomoti, mnzawo wa abambo wakalekale, kuti abwere ndi pampu yawo yopopera rediyeta ndi sipanala ya thoki, ija imalira kuti tha bawuti ikafika pa muyeso.

Ndinachotsa mapulagi. Pa anayiwo atatu ofiirira bwinobwino, ya silinda yachitatu yokha yoyera mbee ngati yachapidwa. Tinapopa rediyeta. Singano inakwera, kenako n'kumatsika pang'onopang'ono, kunja osadontha. Ndinaunika ndi tochi pabowo la pulagi yachitatu ija. Pamwamba pa pisitoni, madzi akunyezimira.

A Yusufu akuti, "Gasiketi, apo ayi hedi yang'aluka. Anatseka ndani?"

Ndinati, "Ine."

Anandiyang'ana. Anangoika sipanala yawo pa mabawuti a mbali imeneyo. Yoyamba inazungulira. Yachiwiri inazungulira, ndiye kuti abambo sanawalimbitse. Ndinakhala pansi padothi pomwepo.

Pochoka anasiya sipanala ija pa mpando wa galimoto. "Ndidzatenga tsiku lina. Uwapatse moni akulu."

Ndaimbira achimwene a Mathews ku Lilongwe. Akuti, "Ungowauza basi, ndi munthu wamkulu." Zophweka kunena uli kutali. Iwo sanawaone Lolemba lija dzanja lili pa boneti. Munthu amene ankatisenza awiri mkono umodzi, ndikamuuze kuti bawuti yamukanika? Ndikuopa kuti akabwerera pampando paja sadzadzukanso. Ndinena kuti gasiketi inali ya feki. Zilipo zambiri masiku ano.

Lamulungu, 9 Juni

Ndinalawirira kuti ndisite chitenje cha ku Misa. Potuluka ndi makala ndinaona boneti ili yotsegula.

Abambo. Avala kale malaya a ku tchalitchi, ketulo ya amayi aigwira ndi manja awiri, akuthira mu rediyeta. Dzanja likunjenjemera, madzi ena akutayikira pa nsapato. Atamaliza anapukuta pakamwa pa rediyeta ndi mpango wawo, n'kutseka boneti mosamala kuti isalire.

Ndinabwerera m'nyumba chafutambuyo.

Ndiye amadziwa. Ine kubisira iwo, iwo kubisira ine, Nachisale ali pakati kumwa madzi a tiyi. Ndinafuna kuseka, ndinafuna kulira, ndinapsanso mtima chifukwa oyilo wamadzi akanatha kudya mabering'i anga atsopano. Bambo ameneyu koma.

Ku Misa ndinakhala kumbuyo kwawo. Ulaliki sindinaumve, ndimangoyang'ana khosi lawo mmene laondera. Ndimawakonda zedi.

Lolemba, 10 Juni

Ndinapita ndi bodza langa nditalikonza bwino. Ndinagwada pambali pa mpando, ndikuti, "Bambo, Nachisale akumwa madzi mkati. Ndikuganiza kuti gasiketi ija ndi ya feki."

Anaseweretsa ndodo. Kenako akuti, "Usainamizire gasiketi. Ndinaisankha ndekha."

Ndinasowa poyang'ana.

"Ndinamva tsiku lomwe lija," iwo akutero. "Bawuti ikakwana imakuyankha m'dzanja. Zija sizinandiyankhe. Ndinati mwina dzanja ndi limene silikumva."

"Nanga ketulo?"

Anaseka chapansipansi. "Wandiona eti? Ndimafuna alireko masiku angapo. Amayi ako anaimba nthungululu."

Ndinawakalipira za mabering'i, iwo akungovomera ndi mutu ngati mwana wagwidwa ndi dzanja mumphika wa ndiwo. Amayi atamva za ketulo anagwira pakamwa, kenako anandipepesa mokuluwika, kundiikira nyama yaikulu masana.

Tachotsa hedi. Pa gasiketi njira ya madzi ikuoneka poyera, kuchokera pabowo la madzi kulowa mu silinda yachitatu. Ndinagoneka rula yachitsulo pa hedi, abambo akusuzumira kunsi ngati kukudutsa kuwala. Sikukudutsa. Mng'alu palibe. Tapulumuka. Oyilo yense ndakhetsa.

Madzulo sanadye kwenikweni. Akhala panja nthawi yaitali akuyang'ana chikhatho chawo. Zomwe ndimaopa zija mwina ndi zimenezi.

Lachiwiri, 11 Juni

Kupita ku Salima kukagula gasiketi ina. Ndabwera mutu ukuwawa. Abambo sanafunse kanthu, tsiku lonse sanayandikire galimoto.

Lachitatu, 12 Juni

Ndinapala, ndinapukuta, ndinagoneka gasiketi, hedi pamwamba, mabawuti ndinalowetsa ndi zala. Apa ndinaima. Sindinadziwe kuti ndiwaitane kapena ndingomanga mwakachetechete.

Ndinamva ndodo kumbuyo kwanga. Anatenga sipanala ya a Yusufu ija, anaitembenuza uku ndi uku. Zaka zonsezi akhala akuinyoza, amati ndi ya anthu opanda manja. Akuti, "Imati chiyani ikakwana?" Ndinati imati tha. Akuti, "Ayi ndithu, nayonso imayankha."

Anandipatsa.

"Yambira pakati, uzipita kunja. Usalumphe."

Ndimadziwa, koma ndinati chabwino bambo. Iwo kuloza ndi ndodo, ine kukoka. Iyi. Tha. Iyo. Tha. Kawiri konse kuzungulira, pang'onopang'ono. Kunabwera munthu wa njinga yamoto kufunsa ngati a Luciano alipo. Abambo osatembenuka n'komwe, akuti, "Dikirani, amakanika akutseka hedi."

Itatsala yomaliza anasiya ndodo pa boneti. Anaika dzanja lamanja lija pamwamba pa langa. Lopepuka, lofunda, likunjenjemera pang'ono.

"Koka, ndimve nawo."

Ndinakoka.