Banga Lofiira la Jupita

14 Meyi

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu, ndiponso kuti msana uja wakusiyani. Ine ndilipo, koma tulo sindikutiona bwino. Ndalemba kalatayi kawiri, yoyamba ndinadetsa.

Paja mukudziwa kuti ndimasesa ndi kukolopa pasukulu pano. M'chipinda cha sayansi muli mipira isanu ndi itatu yolendewera kudenga ndi waya, yoimira maiko ozungulira dzuwa. Waukulu kwambiri ndi Jupita, wa mizeremizere yoyera ndi yodera. Patchuthi chapitachi ndinakwera makwerero kuti ndiipukute fumbi. Pamimba pa Jupita ndinapeza banga lofiira ngati dzira kukula kwake. Ndinati ndi ana awa, agenda ndi dothi. Mukundidziwa ine ndi litsiro. Ndinakwecha ndi sopo mpaka linatheratu, n'kutsika ndikudzitama.

Lolemba ndikukolopa pakhonde, ndinamva aphunzitsi a sayansi akuphunzitsa. Ndi bambo wachikulire, wofatsa, amene amandipatsa moni ngati ndine munthu wa mu ofesi. Amati Jupita alibe nthaka yopondapo, ndi mpweya wokhawokha, ukagwerako umangomira m'mitambo osafika pansi. Tsiku lake ndi maola khumi basi, koma kuti azungulire dzuwa kamodzi, kuno zimapita zaka pafupifupi khumi ndi ziwiri. Ndinatsamira chokolopera n'kumawerengera: ndiye kuti kumeneko ine ndili ndi zaka zinayi, inu zisanu, tikadali kulimbirana mpando wa pawindo.

Kenako aphunzitsiwo anatenga ndodo n'kuloza pamimba pa mpirawo.

"Banga lofiira ili mukuliona?" anafunsa. "Ndi namondwe ameneyu, wamkulu kuposa dziko lathu lonse. Wakhala akuwomba zaka mazana osapuma."

Achimwene, ndinasuzumira pawindo. Ndodo inali kuloza poyera mbee. Ndiye mtsikana wina wolongolola, amene anzake amamutcha Wailesi, anayankha kuti, "Tikuliona, aphunzitsi." Enawo anavomera.

Atatuluka ndinamukoka pambali. "Iwe, waona chiyani pamenepo?"

"Nanga inu azakhali, mumafuna ndinene kuti chiyani?" anatero. "Maso awo anayamba kale kuchita nkhungu. Pabolodi amalemba pamwamba pa zimene alemba kale. Tonse timadziwa, koma ahedi sakudziwa."

Tsopano Lachinayi la sabata ya mawa, ahedi adzakhala nawo m'kalasimo kuonerera phunziro lomweli. Aphunzitsiwo akadzaloza poyera, ahedi adzaona zonse, ndipo adzawapumitsa ntchito chifukwa cha sopo wanga. Ndikati ndiulule, ndiye kuti ndawauza bambo aja kuti ndadziwa za maso awo. Ndayesa kawiri, ndimangowapatsa moni n'kubwerera.

Masiku ano ndikamakolopa ndimaona madzi a m'ndowa akuzungulira, n'kumaganiza za mphepo ija. Akuti mvula ya kuno ikagwa n'kukata, anthu n'kubadwa n'kukalamba, iyo ili pomwepo, kuzungulira yokha m'mitambo yopanda munthu woimva. Nthawi zina ndimadziona ndikuyandama m'menemo, nsanza ili m'manja, palibe choti ndipukute.

Pempho langa nali. Inu mwalemba zikwangwani moyo wanu wonse. Ndiuzeni kasakanizidwe ka penti kuti atuluke ngati njerwa yowotcha, osati wofiira ngati magazi. Mpirawo ndi wa pulasitala. Ndigule bulashi yanji? Ndipake kangati? Ndajambula bangalo kuseri kwa pepalali kuchokera m'buku la Wailesi, ndi muyezo wake. Mulembe zonse mwatsatanetsatane, musaganize kuti china ndikuchidziwa. Dzanja langa limanjenjemera, komatu sindikunena kuti mubwere. Ulendo ndi wautali, ndipo msana wanuwo. Kungoti Loweruka sukulu imakhala yopanda anthu, makiyi ndimasunga ndine, ndipo makwerero ndingakugwirireni.

Mundiperekere moni kwa alamu, koma nkhaniyi musawauze, angaifikitse kutali. Moni kwa ana onse. Mphasa yanu ija ndaichapa, sindikudziwa chifukwa chake.

Ndine mlongo wanu,
Wachiwiri kubadwa