Zomwe Azakhali Anaona Pakhosi pa Amayi

Durban
14 Juni

Okondedwa achemwali,

Asalamu alayikumu. Muli bwanji ku Kalemboko? Nanga mwendo uja unasiya kuwawa? Ine kuno ndilipo, koma ndili ndi nkhani yondizunguza mutu.

Sabata yatha ndinagwa pamakwerero ndikupachika nsalu mushopu. Abwana, poopa mlandu, anandithamangitsira kuchipatala, komwe anandilowetsa m'makina ojambula m'kati mwa thupi. Mafupa onse ali bwinobwino. Koma dokotala anandionetsa pachithunzipo kachotupa kangati nzama, pakhosi, pa chithokomiro. Ndinapitira msana, n'kubwerako ndi nkhani ya khosi! Sikapweteka, sikaoneka, ndipo akuti mwina ndakhala nako zaka. Ndiye m'thupimu mulinso zingati zomwe eni akefe sitizidziwa?

Ndinamupanikiza ndi mafunso mpaka anaseka. Akuti anthu ambiri amayenda ndi tizotupa totere osadziwa, ndipo tambiri sitikhala khansa. Adzandibaya ndi kasingano kuti atengeko pang'ono akayeze. Kenako anafunsa ngati kwathu alipo amene anadwalapo pakhosi, poti khansa ina ya pamenepa imatsata kumtundu. Ndinayankha kuti iyayi, koma ndili m'minibasi ndinakumbukira amayi. Paja mawu awo anasasa chaka chathunthu asanamwalire, ife n'kumati ndi chifuwa. Nanga mpango wawo wophimba khosi uja, bwanji sankauvula ngakhale tili akazi okhaokha m'nyumba?

Pempho langa ndi ili. Mupite ku Ulongwe kwa azakhali a Lukiya, poti ndiwo anasambitsa thupi la amayi. Ndikudziwa kuti wosambitsa maliro saulula zomwe waona, ndipo akalipa kuti Joni yandichotsa ulemu. Muwauze kuti sindikufuna kuwavula amayi. Angonena ngati pakhosi panali chotupa kapena ayi, basi. Akakana, mukafunse ashehe ngati n'kulakwa kuulula pofuna kupulumutsa wamoyo. Yankho lindipeze pasanafike pa 30, tsiku lobwerera kwa dokotala. Kunena zoona, achemwali, mantha ndili nawo.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa amalume a Zubairu ndi kwa ana onse. Mwana wanga Saida musamuuze kanthu. Koma mukamamuluka tsitsi, mumusisiteko pakhosi ngati mukungosewera naye, mundiuze zomwe zala zanu zapeza.

Ndine mng'ono wanu wokusowani,
Fauziya