Sefa Yofiira pa Vaneti ya Atate

Lachinayi, Okutobala. Kwatentha tsiku lonse, ndipo ine ndabwera kunyumba nditanyansidwa.

Mwezi watha mlongo wanga Yotamu anachotsa bokosi la mpweya pa vaneti imene atate anatisiyira, n'kuikapo sefa yofiira yokhala poyera imene anagula ku Lusaka. Ankati injini izipuma bwino, mphamvu zichuluke, dizilo azitha pang'ono. Ine chimene ndinaona kuchuluka ndi phokoso basi. Vaneti ikamadutsa m'dera la Estates anthu amacheuka, iye n'kumamwetulira.

Lero tinakatenga tomato kumunda kuti ndikagulitse kumsika. Msewu wake ndi fumbi lokhalokha. Tisanafike pa tala, vaneti inayamba kutsokomola, kutulutsa utsi wakuda, kenako inazima. Tomato wanga wakhala padzuwa mpaka masana, wambiri wafewa, sangagulikenso.

Ba Zulu, makanika wathu, titawaitana anabwera, anamasula paipi ya mpweya n'kupisamo chala. Chinatuluka chili ndi dothi.

"Fumbi lonseli lakhala likulowa mu injini," anatero. "Bweretsani bokosi lakale tibwezerepo, mwina ingapulumuke."

Yotamu anayang'ana pansi. "Ba sisi, bokosilo ndinataya. Ndimaona ngati lilibenso ntchito."

Atate anayenda nayo vanetiyi zaka zonse zija m'fumbi lomweli, sinawagonekepo panjira. Madzulo ano ndamumva Yotamu akuuza mnzake pa foni kuti sefa ilibe mlandu, wolakwa ndi dizilo wa masiku ano. Makiyi ndawabisa m'chikwama changa. Koma ba Zulu akanena mawa kuti injini yafa, tomato wotsala kumunda uja sindikudziwa kuti ndidzamunyamula pa chiyani...