Zithunzi za M'kati mwa Mpanda

Nsungwi, Area 25
Lilongwe
14 Ogasiti 2007

Okondedwa Azakhali,

Salaam aleikum. Ndikhulupirira kuti chisanu cha ku Joniko chayamba kuchepa. Kuno tilipo, alhamdulillah.

Kamera munanditumizira ija ndayamba kuizolowera. Kabuku kake n'kachingerezi chovuta, ndiye ndimangodina mabatani mpaka ndione chimene chasintha. Poyamba nkhope zinkatuluka zakuda bii, kenako ndinazindikira kuti dzuwa liyenera kukhala kumbuyo kwanga. Chithunzi chikaipa ndimangochifufuta, palibe filimu yowonongeka.

Munapempha zithunzi za msika wa Nsungwi. Pepani, sindinapiteko. Amuna anga, a Yaseen, anati, "Mkazi wapabanja woyendayenda ndi kamera amafuna amuna azimuyang'ana." Kuyambira mu Epulo amakhoma geti akamapita kushopu, makiyi n'kutenga. Ndiye ndajambula nkhuku zathu, mpopi, zovala pachingwe, ndi khoma lomwelo mbali zonse. Akaweruka amaziona chimodzichimodzi.

Sabata yatha ndinaphunzira kuika kamera pawindo kuti indijambule yokha. Zithunzi zitatu zimene inandijambulazo zili m'kakhadi kena ka kamera, kamene ndasokerera mumpendero wa chitenje chimene chabwera ndi kalatayi. Ndapatsira mayi a Temwa, aneba athu, pamwamba pa mpanda, poti akubwera konko kudzaoda katundu. Muzione muli nokha. Musadandaule kwambiri mukaona mabala a kunkhopewo, pano ndayambanso kutafuna bwinobwino.

Amayi musawauze, mtima wawo mukuudziwa. Koma amalume ku Mangochi muwaimbire, chifukwa ine foni ndilibenso.

Ndine mwana wanu,
Zulaikha