Mbali Imene Anagwera

Lolemba, 10 Febuluwale

Ndabwerera kuntchito. Basi yomweyo, wodi yomweyo, fungo lomwelo. Anzanga akumandigwira paphewa ngati ndine dzira. Ndikumathokoza, poti ndi zimene munthu amachita. M'katimu muli zii. Si chisoni, si mkwiyo. Dzanzi basi, longa la mwendo umene waukhalira nthawi yaitali.

Asimenye, mchemwali wake wa malemu mwamuna wanga Ernest, watumiza uthenga wa mawu kuchokera ku Ntcheu. "Alamu, amayi akuti akufuna aone pamene achimwene anagwera. Mukudziwa kwathu kuno, munthu akafera kutchire abale amapita kukaona malowo. Ndiye poti ku Ulayako sangafikeko, muwatumizire chithunzi."

Amayi akuti. Chiikireni maliro, apongozi sanandilankhulepo ndi pakamwa pawo. Zonse zikumadzera mwa Asimenye ngati ndife anthu a pamlandu. Pamaliro paja ndinakhala nawo mphasa imodzi masiku onse, anandipatsa moni kamodzi. Ndikudziwa zimene zili mumtima mwawo. Ndine ndinapeza ntchito ya unamwino ku Hull, ndine ndinakokera mwana wawo kuchisanu kuno, ndipo ndine ndinam'bweza m'bokosi. Kuwonjezera apo sindinalire. Azimayi a kumpingo anandiyang'ana mpaka maso anawatopa.

Ndikufuna andilankhule. Pa zinthu zonse, chimenechi chokha ndiye ndikudziwa kuti ndikuchifuna. Mwana wathu Tiya watsala ndi agogo amodzi okha, ndipo ndi iwowo.

Lachiwiri, 11 Febuluwale

Ndatulutsa chikwama cha kamera pansi pa bedi. Chinali chikadali m'thumba la pulasitiki limene apolisi anandipatsiramo. Kakadi ka zithunzi kali momwemo.

Tsiku lija E. sankalowa ntchito ku weyahausi, kosungira katundu kumene ankagwira. Kunagwa chipale chofewa usiku wake, iye m'mawa ali chilili pawindo ngati mwana. Anakwera basi kupita kuminda ya kuseri kwa Beverley kukajambula. Mtima unangoima. Anam'peza bambo wina woyendetsa galu. Zimene ndikudziwa ndi zomwezo, ndipo sindinafunse zina.

Ndaika kadi mu laputopu yake. Minda yoyera, mpanda, mawaya a magetsi, mtengo umodzi wopanda ndi tsamba lomwe. Munthu ayi. E. sankajambula anthu. Kumudzi ankadandaula chaka ndi chaka: kodi kumeneko kulibe anthu? Mitengo yonse inauma chonchi, mukudya chiyani? Iye kumangoseka. Ankati munthu amawononga chithunzi chifukwa amadziwa kuti akujambulidwa, pamene munda sudziwa.

Chithunzi chomaliza n'chopendekeka. Munda wonse watsetserekera mbali imodzi, mtengo wagona cham'mbali, thambo lachuluka. Pakona yapansi pali kanthu kakuda. Munthu amene ankandikalipira ndikapendeketsa foni pang'ono pokha sangajambule chonchi ali bwinobwino. Ndamvetsa kuti chala chinadina batani iye akupita pansi.

Ndachiyang'ana monga ndimayang'anira tchati cha wodwala wa wodi ina. Kenako ndakaphika mpunga.

Lachitatu, 12 Febuluwale

Namukolo, mnzanga wa ku Zambia amene timagwira wodi imodzi, wanditenga pa galimoto yake titasiya Tiya kusukulu. Maganizo anali oti ndikajambule ndekha malowo ndi foni, za kamera ndizisiye.

Chipale chinasungunuka kalekale. Kuli matope okhaokha ndi timbewu tobiriwira tongotuluka kumene. Tayenda m'kanjira ka m'mbali mwa minda, laputopu ili m'manja ngati anthu oyeza malo. Mtengo wopanda masamba? Ilipo yambirimbiri. Mpanda? Munda uliwonse uli nawo.

"Manje ni pati, Connie?" Namukolo kufunsa, nsapato zitalemera ndi thope. "Vonse vilingana che."

Ndaima pamalo pena n'kudikira kuti mwina thupi lindiuza. Thupi silinanene kanthu. Mphuno yokha ndiyo imachucha. Mzungu wina wadutsa ndi galu, watipatsa moni, ndipo ndinaganiza zomufunsa ngati ndi iyeyo. Ndinangomusiya apite.

Sindingatumizire apongozi munda wa eni ake n'kunena kuti ndi apa. Ndiye chatsala ndi chithunzi cha mwini wake.

Pobwerera Namukolo analira akuyendetsa. Ine ndinamugwirira tishu.

Lachinayi, 13 Febuluwale

Ndakhala pa mpando wa E. Wazolowera thupi lake, ine ndikumira mbali imodzi.

Iye ankati chithunzi sichituluka m'nyumba chisanasambe. Loweruka lililonse masana ankakhala apa, ine ndikusita mayunifolomu kumbuyo kwake, iye kumalankhula yekha ngati mphunzitsi wopanda kalasi. Ndinkayesa sindikumvera. Kani zonse zinalowa. Yamba wawongola mzere umene thambo lakumana ndi nthaka. Mtengo usakhale pakati penipeni ngati msilikali, usunthire cham'mbali kuti diso liyende. Thambo likachuluka, dula. Chilichonse chimene chikukoka diso popanda chifukwa, chotsa. Chipale kamera imachidetsa, umachiyeretsa wekha.

Ndipo si E. yekha. Tonsefe a kunja kuno ndi mmene timachitira. Zaka zonsezi sindinatumizepo kumudzi chithunzi chooneka mbale zosatsuka, kapena nkhungu ya pakhoma la kubafa, kapena nkhope yanga ndikuchokera ku shifiti. Umaima kutsogolo kwa nyumba yabwino ya eni ake, jekete latsopano, kumwetulira. Kumudzi sutumizako zonyansa. Nanga chithunzi cha malo amene mwana wawo anafera ndingatumize chili chigonere cham'mbali ngati wajambula ndi woledzera?

Ndawongola. Pulogalamuyo ukamawongola imazungulitsa chithunzi chonse, ndiye makona amadukako okha. Ndisanadine ndinakulitsa kanthu kakuda kaja kuti ndione. Golovesi. Zala ziwiri za golovesi la kumanja, lija ndinam'gulira mu Novembala. Ndinaliyang'ana. Ndinadina. Linapita limodzi ndi kona.

Mawaya a magetsi ndafufuta limodzilimodzi. Thambo ndadula. Mtengo ndausunthira kumanja, waima njo. Chipale chinali chotuwa ngati phulusa, tsopano chayera mbuu. Kumanzere kunali timadontho takuda pamene chipale chinapondedwa, ndasalaza.

Kunena zoona chatuluka bwino. E. akanati, mayi, mwayamba kundilanda ntchito. Ndatumiza kwa Asimenye. Ndalemba kuti: Ndi apa.

Lachisanu, 14 Febuluwale

Uthenga waonedwa. Yankho ayi. Kuwodi odwala awiri alandira maluwa ofiira, ndawaikira m'madzi.

Loweruka, 15 Febuluwale

Asimenye wayankha m'mawa. Mawu ake anali a munthu amene watumidwa zinthu zolemera.

"Alamu, amayi aona. Akuti chithunzicho n'chokongola. Koma akuti iwo sanapemphe kalendala."

Kenako uthenga wina: "Musakhumudwe. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandibwezera foni n'kunyamula khasu. Sanadye masana."

Kalendala. Ndamvera katatu. Ndimayembekeza kuti pena pake pandipweteka, koma ayi. Ndangobwerera pa mpando uja. Ndaganiza kuti mwina ndinayeretsa kwambiri, ndiye ndadetsa thambo kuti lioneke la chisoni. Ndayesa lopanda mitundu, lakuda ndi loyera lokha, ngati zithunzi za pamaliro. Ndayesa kudula kwambiri kuti patsale mtengo ndi nthaka basi. Chilichonse chikutuluka chokongola kuposa chinzake. Ndili ndi minda isanu ndi umodzi tsopano, ndipo palibe ndi umodzi womwe umene munthu angafereko.

Tiya anabwera kudzatsamira pamwendo panga. Ndinam'funsa m'Chichewa ngati wamva njala, anayankha m'Chingerezi monga mwa masiku onse. Kenako anafunsa chifukwa chake agogo saimbanso foni Lamulungu. Ndinati netiweki. Anandiyang'ana ndi maso a bambo ake aja, oona chinthu chopendekeka, n'kubwerera ku zidole zake.

Namukolo akuti ndiwaimbire ndekha apongozi, ndisiye kudzera mwa nkhoswe. Ndati sangayankhe. Akuti, "Ukaziba bwanji?"

Lamulungu, 16 Febuluwale

Kutchalitchi sindinapite. Sindikanatha kugwidwanso paphewa.

Masana ndinaimba pa vidiyo. Anayankha Asimenye, ali pakhonde, kumbuyo kwake chimanga chobiriwira mpaka maso anandiwawa. Ndinati, "Mlamu, apatseni amayi foni. Akakana akane ndikuona." Foni inayenda, ndinaona denga, nkhuku, kenako nkhope yawo. Duku lakuda. Aonda.

"Mwaswera bwanji, amayi?"

Anayankha moni, koma akuyang'ana kumbali. Kenako analankhula kwa Asimenye, ngati ine palibe. "Uwafunse. Anagwera mbali iti?"

Ndinati sindinamve.

"Munthu akagwa amagwera mbali," anatero, akuuzabe Asimenye. "Bambo ako anagwera m'munda umu, ndinapita ndinakaona pamene bondo linagunda, pamene dzanja linagwira. Ndinadziwa kuti anayesa kudzuka. Awa anditumizira malo osesedwa. Pamenepaja sipanagwe munthu. Uwafunse ngati akundibisira, kapena ngati iwonso sakudziwa."

Ndinayang'ana laputopu. Mbali imene anagwera ndinali nayo m'nyumba muno chiyambire Lachiwiri. Ndinaichotsa ndekha Lachinayi, ndi manja angawa, mosamala kwambiri.

Ndinati, "Amayi, dikirani." Ndinatembenuza foni kuti iyang'ane laputopu. Pa sikirini panali kalendala yanga ija, yoyera mbuu. Pulogalamuyo sitaya chithunzi choyamba, imangochiphimba. Pali batani limodzi lobwezera zonse mmene zinalili. Ndinadina.

Mawaya anabwerera. Chipale chinatuwa. Timadontho ta mapazi tinatulukira, tochokera kumpanda kubwera kuno. Ndiye munda wonse unapendekeka, mtengo n'kugona, ndipo pakona panatulukira zala ziwiri za golovesi.

Ndinati, "Ichi anajambula yekha, akugwa. Ndi chimene maso ake anaona pomaliza. Ndinachikonza chifukwa ndinachita manyazi kukutumizirani chopindika."

Ndimangomva nkhuku. Ndinasuzumira pa foni ndipo ndinaona apongozi atapendeketsa mutu, pang'onopang'ono, mpaka munda unawaongokera. Ndinapeza kuti nanenso mutu wanga wapendekeka chimodzimodzi.

"Kumanzere," anatero. "Anagwera kumanzere." Chala chawo chinadza pagalasi la foni, chachikulu, chinaphimba theka la nkhope yawo. "Ili ndi dzanja lake?"

"Eya, amayi. Lakumanja."

"Anavala zofunda m'manja."

"Anavala. Ndinam'gulira."

"Sanazizidwe m'manja."

"Ayi."

Anapuma mpweya wautali. Ndiye anayang'ana, osati chithunzi, osati Asimenye.

"Amake Tiya."

"Wawa, amayi."

"Inu munali kuti?"

"Kuntchito. Ndinali kusambitsa wodwala. Foni inali m'loka."

"Ndiye nanunso simunamuone."

"Sindinamuone."

"Bwezani foniyo pachithunzipo. Khalani pomwepo, musachoke. Tione tonse."

Ndinabweza. Anayamba kulira chapansipansi, kulira kwa kwathu kotchula dzina, Eneresti mwana wanga, unagwa wekha kutchire kwa eni. Ndinagwira foni ndi manja onse awiri. Asimenye ananong'ona kuti bandulo ikutha. Amayi anati, "Ithe."

Inathadi, patapita nthawi. Sindikudziwa yaitali bwanji. Isanathe, amayi anafunsa za Tiya n'kulonjeza kuimbanso.

Khosi likundiwawa, mbali ya kumanzere. M'maso mukuwotcha, ndipo m'nyumba muno mukuzizira kwambiri, sindinadziwe kuti mumazizira chonchi. Tiya wandibweretsera bulangete lake laling'ono. Akufunsa ngati agogo aimbanso. Ndati anena kuti mawa, ukaweruka kusukulu, ndipo akufuna ulankhule Chichewa.