Mbatata Zimene Bambo a Mada Anakana

Manja,
Blantyre.
21 Okutobala, 2024

Okondedwa achemwali a Zione,

Ndikhulupirira muli bwino ku Nsanjeko pamodzi ndi alamu. Ife kuno tadzuka, kupatula a Clement, bambo a Mada, amene akuyenda chogwira khoma.

Munafunsa za mpikisano uja. Paja atatu oyambirira amayenera kutumizidwa ku Joni, ndipo kwa miyezi isanu ndi itatu m'nyumba muno munalibe nkhani ina. Mpikisano wake ndi wamisala: kusambira pafupifupi makilomita awiri m'damu, kupalasa njinga makilomita 90, kenako kuthamanga 21, zonsezi tsiku limodzi, dzuwa la Okutobala lili paliwombo. A Clement kusambira sikunkawavuta, si paja anakulira mu Shire. Chinkawagwetsa ndi njala ndi ludzu.

Amene anakonza zimenezo ndine. Madamu amene ndimawagwirira ntchito ku Namiwawa amachita masewera omwewa, ndipo ine ndikamakolopa makutu sinditseka. Ndinatolako zoti munthu amadya pang'onopang'ono ali pa njinga njala isanamupeze, ndipo amamwa ludzu lisanafike. Loweruka lililonse tinkayeserera: phala maola atatu asananyamuke, mbatata yowiritsa yothira mchere yoduladula, nthochi, ndi mabotolo a madzi a shuga, kamchere ndi ndimu. Mimba inazolowera. Ankakwera chitunda cha ku Chikwawa n'kufika pakhomo akuimba.

Tsikulo ndinafika kudamuko ndi jumbo yanga. Ndinawapeza ataima ndi a Trevor, bwana wa ku Nyambadwe amene anawabwereka njinga, akuwapatsa timapaketi tonga uchi timene amati majelo.

"Clement, mayiwa ndi ndani?" anafunsa a Trevor, maso ali pa mbatata.

"Ndi ogulitsa zakudya, bwana. Amangotitsatira."

Achemwali, zaka khumi ndi chimodzi m'banja, ana awiri, lero ndine wogulitsa mbatata.

Kenako a Clement anandinong'oneza: "Amake Mada, musandichititse manyazi. Izi ndiye za akatswiri."

Tsono pano ndiulule. Ndinkadziwa. Madamu amanena kawirikawiri kuti chimene sunachiyesepo suchidya tsiku la mpikisano, ndiponso kuti timapaketito timafuna madzi ambiri, apo ayi timapotokola m'mimba. Mawu anali pakamwa penipeni. Ndinangoti, "Chabwino bwana, muyende bwino."

M'madzi anatuluka ali achiwiri. Potsika njinga anali oyamba, atameza timapaketi tisanu ndi tiwiri koma madzi botolo limodzi lokha, poti sankafuna kuchepetsa liwiro kuti alandire lina. Atathamanga makilomita asanu ndinawaona akukhotera m'munda wa chinangwa wa eni ake, atagwira pamimba. Analowanso kachiwiri. Kenako miyendo inakokana, anagwa m'mphepete mwa msewu, milomo ili mbuu. Anthu anayamba kuwadutsa mmodzimmodzi. Wachitatu, amene akupita ku Joni, ndi Dauda wa ku Limbe, yemwe ndinamuona ndi maso angawa akudya nthochi pa njinga.

A Trevor anakweza njinga yawo m'galimoto n'kumapita. Wogulitsa mbatata uja ndi amene anawamwetsa a Clement madzi amchere pang'onopang'ono mpaka maso anabwerera, n'kuwakweza minibasi.

Ali ndi zaka 38, ndipo iwo eni akudziwa kuti mwayi ngati uwu sudzabweranso. Akuti alipo amene anawalodza. Ine sinditsutsa. Ndikawapatsira phala amathokoza mwaulemu umene sindinauonepo chikwatiwire, koma za mawu aja sanapepese, ndipo ine za kukhala chete kwanga sindinawauze.

Mupereke moni kwa amayi. Muwauze kuti mkamwini wawo anayesetsa. Zinazi zikhale zathu. Mbatata zija anadya ana, akuti zinali zokoma. Inu muzindipempherera, chifukwa ndikati ndiwamvere chisoni, chimene chimabwera m'makutu ndi chakuti, "Amangotitsatira."

Ndine mng'ono wanu,
Hilda