Phukusi Lopanda Kanthu

Lolemba, 9 Juni

Ndabwerera ku ntchito koyamba chiikireni amuna anga. Aliyense akuyankhula monong'ona. Abwana: "Zija zopeza chachikulu m'detabesi zikapanda kutheka Lachisanu, ndim'patsa mnzanu Wandevu. Inu mukapume." Ndikapume kuti? M'nyumba muja muli zii, nsapato zawo zidakali pakhomo. Ntchitoyi asandilande.

Lachiwiri, 10 Juni

Ndilembe vutoli, mwina mutu ukhazikika. Detabesi, pulogalamu yosunga zolembedwa pa kompyuta, imagawa ntchito m'magawo. Gawo lililonse limapeza chachikulu chake, n'kuchilongedza m'phukusi la mabayiti, timanambala ta kompyuta, n'kutumiza kuti ziphatikizidwe. Koma pulogalamuyi imalandira chilichonse: nambala, deti, mawu. Wolandira phukusi sadziwa kuti muli chiyani. Lero deti latuluka ngati nambala yaitali. Wandevu waseka: "Chemwali, kasitomala wanuyu anabadwa chaka cha mabiliyoni?" Kenako wachita manyazi kuti waseka. Bola akanapitiriza.

Ndaika chizindikiro cha mtundu, kaya nambala, deti kapena mawu, kutsogolo kwa phukusi lililonse.

Lachitatu, 11 Juni

Mayeso onse adutsa kupatula amodzi. Pulogalamu ikungogwa. Buku lija tinkawerengerana ndi amuna anga ndalitsegula m'basi, tsamba lomwelo mpaka kutsika.

Mng'ono wa amuna anga waimba foni, sindinayankhe. Adzati "alamu". Ndidakali mlamu wake kodi, wotilumikiza atapita?

Lachinayi, 12 Juni

Ndapeza. Mtundu ndimautenga pa chinthu choyamba chimene gawo lakumana nacho. Nanga gawo limene silinalandire mzere wa zolembedwa ngakhale umodzi? Phukusi lake mulibe kanthu, chizindikiro palibe, wolandira n'kugwa.

Ndinafuna kungotaya maphukusi oterowo. Wandevu, akutafuna chivindikiro cha cholembera: "Magawo onse akakhala opanda kanthu, muyankha chiyani?" Zoona. Abwana adutsa kawiri kumbuyo kwanga.

Lachisanu, 13 Juni

Nzeru zandibwerera ndikutsuka kapu kukhitchini ya ku ofesi. Mtundu usachokere pa zimene zapezeka. Funso lenilenilo lofunsidwa ku detabesi limadziwa kale kuti pamalo apa ndi pa deti, mzere ubwere usabwere. Ndautenga pamenepo. Phukusi lopanda kanthu likupita ndi chizindikiro chake.

Mayeso onse obiriwira, adutsa. Abwana angogwedeza mutu: "Lolemba muyambe za avereji."

Potuluka foni yalira, mng'ono wa amuna anga uja. Ndaima pamasitepe, anthu akundilambalala.

"Alamu, mwadya koma?"

"Sindinadye, alamu. Bwerani, mudzatengenso nsapato zija. Zikukwanani."